BWALO NDI SUKULU: MBIRI YA KAPHUNZITSIDWE KA MAGULE KU NATHENJE NDI KU MITUNDU

Lero sitikamba za mbeu kapena za mizere ai. Tikamba za ng'oma, ndi za njira m'mene ana a ku Nathenje ndi ku Mitundu akhala akuphunzirira magule ndi nyimbo za makolo ao, kuyambira kale-kale kufikira makono. Kapena wina adzati, kodi gule ndi nkhani yoti anthu akuru ataye nayo nthawi? Inde, ndi nkhani yaikuru ndithu. Mwana amene abvina pa bwalo madzulo ndi yemweyo amene afunika ku sukulu m'mawa, ndipo kwa zaka zoposa 100 bwalo ndi sukulu zakhala zikulimbirana mwana mmodzi yemweyo. Tikadziwa m'mene mkanganowu unayambira, tidzadziwanso m'mene tingaumalizire.

SUKULU YOYAMBA INALI PA BWALO

Asanafike Azungu, Acewa a m'cigwa ca Lilongwe analibe mabuku, koma maphunziro anali nao. Mwana anali kuyamba kumva nyimbo ali ku msana, amace alikusinja pa mtondo. Atakula pang'ono anali kumva nthano madzulo, ndipo nthano zambiri zinali ndi nyimbo yace yoti ana onse abvomereze. Mwezi ukawala atsikana anali kusonkhana kucita citelele, naomba m'manja, naphunzira kutsogolera nyimbo ndi kupolokoza. Anyamata anali kuyesera kuimba ng'oma pa zinthu zosewerera, kufikira tsiku limene wamkuru wina anawalola kukhudza ng'oma yeni-yeni.

Pamwamba pa masewera awa panali maphunziro akuru. Mfumu yokhala ndi mzinda inali ndi ufulu wocititsa cinamwali ndi Gule Wamkuru. Namkungwi anali kulanga anamwali ndi nyimbo ndiponso ndi cisamba, kuwaphunzitsa ulemu kwa akuru, ukhondo, ndi kasungidwe ka banja. Anyamata nao anali ndi alangizi ao. Za ku dambwe sitinena pa wailesi, pakuti ziri ndi eni ace. Koma aliyense adziwa kuti mnyamata wamwano, wosamvera amace, anali kubwerako atasintha.

Kuimba ng'oma sikunali kwa munthu wamba. Mmisiri anali kusema mtengo, kukunga cikopa, kumata phula ndi kuwamba ng'oma pa moto kuti ilire bwino. Woimba mbalule anali kuphunzira zaka zambiri kuti manja ace adziwe kutsata mapazi a wobvina, pamene mpanje ndi gunda zilikusunga mayendedwe a gule. Ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, kunali kacisi wa Makewana kumene anthu anali kukapempha mvula. Kumeneko kunali ng'oma yopatulika, dzina lace mbiriwiri, ndipo woiyang'anira anali Tsang'oma. Paphiri la Bunda, limene inu a ku Mitundu muliona tsiku ndi tsiku, panalinso malo a nsembe za mvula. Conco kwa makolo athu ng'oma inali ya mapemphero, ya maliro, ya ufumu, ndiponso ya cisangalalo.

Umboni wina uli pa miyala. Mukacoka pa Nathenje kulowera ku Dedza mudzafika ku mapiri a Chongoni. M'mapanga a kumeneko muli zithunzi zakale. Zofiira ndi za Akafula, amene anakhala m'dziko muno Acewa asanafike, koma zoyera ndi za Acewa, ndipo zambiri mwa izo zinajambulidwa pophunzitsa anamwali. Zina zionetsa zilombo za Gule. Mwala ndiwo unali bolodi la namkungwi. Malo a zithunzi otere alipo 127, ndipo m'caka ca 2006 bungwe la UNESCO linawalemba pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse la pansi.

KUBWERA KWA A MISHONI

M'caka ca 1889 a Mishoni ya Dutch Reformed Church, Bambo A. C. Murray ndi Bambo T. C. B. Vlok, anamanga pa Mvera. M'caka ca 1896 anatsegula Nkhoma m'dziko la Mfumu Mazengera, ndipo njira yopita kumeneko ipatukira pa Kamphata, kufupi ndi Nathenje. Ansembe a Cikatolika a White Fathers anamanga pa Mua m'caka ca 1902 ndi pa Likuni m'caka ca 1903. Mishoni zonse ziwiri zinatuma aphunzitsi m'midzi kukatsegula masukulu ang'ono a udzu, ophunzitsa kuwerenga, kulemba, masamu ndi mau a Mulungu.

Masukulu amenewa anadza ndi zabwino zambiri, ndipo palibe angakane. Nyimbo nazo anali kuphunzitsa, koma zinali nyimbo za m'buku, zoimbidwa ndi do, re, mi, popanda ng'oma ndiponso popanda kubvina. Ng'oma anaiyesa cinthu cacikunja. Munthu wofuna ubatizo anayenera kusiya Gule ndi cinamwali ca makolo, ndipo Mkristu wopezeka pa bwalo anali kuweruzidwa ndi akuru a mpingo.

Pamenepa ndi pamene panabuka mkangano. Mfumu ya mzinda inaona kuti mphunzitsi alikuilanda anyamata, ndi kuti anyamata akapita ulemu wace upitanso. Mphunzitsi naye anaona kuti ng'oma ikangolira sukulu yace itsala yopanda ana. M'midzi ina eni Gule anayamba kulowetsa anyamata ang'ono-ang'ono, kuti awatenge mphunzitsi asanawatenge. M'zaka za m'ma 1920 milandu yotere inacuruka m'maboma a Lilongwe, Dedza ndi Dowa. A Mishoni anapempha Boma la Atsamunda kuti liletse Nyau, koma Boma silinafune kudana ndi mafumu amene anali kulithandiza kusonkhetsa msonkho, ndipo silinaletse Gule m'dziko lonse. Bwalo nalo linayankha mwa njira yace: panaturuka zilombo zatsopano monga Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya, zoseka macitidwe a alendo aja.

Wolephera pa mkangano umenewu anali mwana. Wopita ku sukulu anakula wosadziwa nyimbo za kwao, nayamba kunyoza agogo ace. Wotsala pa bwalo anakula wosadziwa kuwerenga kalata kapena sikelo ya pa msika wa fodya. M'mudzi umodzi munakhala mitundu iwiri ya anthu, ana a mai mmodzi.

Komabe patapita zaka a Mishoni ya Nkhoma anaona kuti mtsikana wosalangidwa asowa kanthu. Cifukwa cace anakhazika cilangizo ca mu mpingo, ndipo amai acikulire ocedwa alangizi anatenga nchito yonga ija ya anamkungwi. Apa tiona kuti ngakhale iwo amene anakana gule sanathe kukana maphunziro amene anali m'kati mwace.

GULE SAKHALA MALO AMODZI

Tisaganize kuti magule athu onse ndi a kale-kale. Mganda, umene anyamata a m'boma la Lilongwe aukonda, unabadwa m'nthawi ya Atsamunda. Amuna amene anapita ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ena monga asilikari a K.A.R., ena monga amtengatenga, anaona perete ndi malipenga a asilikari. Atabwerera kwao anthu anayamba kutsanzira zimenezi, nakonza mabadza a zikho m'malo mwa malipenga a citsulo, nabvala makabudula oyera ndi masokosi. Gulu liri lonse analicha boma, ndipo linali ndi akuru ace a maudindo monga a ku usilikari. Ulimi wa fodya utafala m'cigwa ca Lilongwe m'zaka za m'ma 1920, anyamata anapeza ndalama zogulira zobvala zimenezi, ndipo midzi inayamba kuitanizana ku mipikisano atatha kukolola. Amai nao anali ndi cimtali cao, m'mene anali kupeka nyimbo zodzudzula mwamuna waulesi, woledzera, kapena wopita ku ulendo osatumiza kanthu.

Ku ulendo komweko magule anapita nao. Amuna amene anakagwira nchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, anakhazika Gule Wamkuru m'makomboni, ndipo zidzukulu zao zibvinabe kumeneko. Anacita izi popanda sukulu kapena lamulo la Boma. Cinawathandiza ndi cakuti panali akuru odziwa, ndi ana ofuna kuphunzira.

AMENE ANALEMBA NDI KUJAMBULA MAU

Boma la Nyasaland linatsegula Dipatimenti ya Maphunziro m'caka ca 1926, ndipo posacedwa linamanga sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene aphunzitsi oyendera masukulu, ndipo pambuyo pace mafumu ndi akazi ao, anali kuphunzira za kutukula midzi. Pang'ono-pang'ono anthu ophunzira anayamba kuona kuti miyambo iyenera kulembedwa isanaiwalike. Bambo Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma, analemba buku la Nthondo limene linaturuka m'caka ca 1933, ndipo pambuyo pace analemba Mbiri ya Acewa atafunsa nkhalamba zambiri. Bwana W. H. J. Rangeley, wa Boma, analemba za Nyau m'zaka za 1949 ndi 1950, ndi za kacisi wa Makewana m'caka ca 1952. Bambo John Gwengwe anaturutsa Kukula ndi Mwambo m'caka ca 1965, buku limene ana a sukulu ambiri analiwerenga.

Nyimbo nazo zinajambulidwa. Bambo Hugh Tracey, wocokera ku South Africa, anayenda m'dziko muno ndi makina ojambulira mau m'zaka za 1950 ndi 1958, najambula oimba bangwe, kalimba, kaligo ndi ng'oma. Mau amenewo asungidwa kufikira lero ku International Library of African Music, nyumba imene iye anaiyamba m'caka ca 1954. Wailesi ya ku Lusaka inali kuulutsa nyimbo za m'midzi m'Cinyanja, ndipo kuyambira m'caka ca 1949 kunabwera wailesi yotsika mtengo yonga sefuliya, imene anthu a m'midzi anatha kugula. Koma taonani, buku lisunga mau, makina asunga liu, koma palibe mwa izi cimene cingagwire dzanja la mwana ndi kulionetsa pomenya ng'oma.

NTHAWI YA UFULU

Dziko litalandira ufulu pa 6 July 1964, zinthu zinatembenuka. Dr. H. Kamuzu Banda, Mcewa wa ku Kasungu, anali kunena poyera kuti anthu asacite manyazi ndi magule ao. Wailesi ya M.B.C. inayamba kuulutsa nyimbo za m'maboma onse. M'caka ca 1968 Cicewa cinakhala cinenero ca dziko pamodzi ndi Cingerezi. Pa zikondwerero za ufulu magule a mitundu yonse anali kubvinidwa pamaso pa atsogoleri ndi alendo, ndipo Gule Wamkuru amene kale anali kunyozedwa anaturuka pa mabwalo akuru a m'tauni. Ana a sukulu anayamba kuphunzira mganda ndi cimtali pa bwalo la sukulu, aphunzitsi ao alikuyang'anira. M'caka ca 1987 Boma linakhazika gulu la Kwacha Cultural Troupe, lobvina magule a m'zigawo zonse.

Mipingo nayo inasintha. Utatha msonkhano waukuru wa Akatolika ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, ng'oma inalowa m'mapemphero a Misa. M'caka ca 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wa White Fathers, anatsegula malo a Kungoni pa Mua, pa Mishoni pomwe paja panali mikangano ndi Nyau, nayamba kusonkhanitsa ndi kuphunzitsa za miyambo ya Acewa, Angoni ndi Ayao.

Koma nthawi imeneyi inali ndi bvuto lace, ndipo acikulire a ku Nathenje alikumbukira. Nyimbo zambiri anazicotsa mau ace akale, naikamo mau otamanda mtsogoleri ndi cipani. Amai anali kutengedwa pa malole kukabvina, kusiya minda ndi ana, ndipo wokana anali kuopa. Ana anali kutaya masiku a maphunziro pokonzekera kubwera kwa akuru. Gule anakwezedwa, inde, koma anasanduka wa msonkhano, ndipo nyimbo zolangiza za pa mudzi zinacepa. Dziko litasankha zipani zambiri pa 14 June 1993, kukakamiza kuja kunatha. Koma m'malo ambiri kubvina kwa ku sukulu kunazirala nako, cifukwa kunalibe mizu m'mudzi.

MAKONO SUKULU IFUNA MAGULE

M'caka ca 1994 Boma linacotsa fizi ku sukulu za pulaimale, ndipo ana anacuruka kucokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupi-fupi 3 miliyoni. Kuyambira pamenepo ana ambiri a m'midzi akhala nthawi yaitali m'kalasi koposa pa mtondo kapena ku ubusa. M'caka ca 2005 UNESCO inalengeza kuti Gule Wamkuru wa Acewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, pamodzi ndi Vimbuza wa Atumbuka, ndi cuma ca anthu onse a pa dziko. Caka ndi caka, kumapeto kwa August, mafumu a Acewa a maiko atatuwa apita ndi magule ao ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi.

Kuyambira m'caka ca 2007 masukulu a pulaimale anayamba kutsata ndondomeko yatsopano ya maphunziro, yokonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, komwe kuja kunali Jeanes. M'ndondomeko imeneyi muli phunziro la Expressive Arts, lophatikiza nyimbo, magule, masewero, zosema, zosoka ndi masewera olimbitsa thupi, ndipo mafunso ace apezeka pa mayeso a Sitandade 8. Motero sukulu imene kale inathamangitsa ng'oma lero ilamulidwa kuiphunzitsa.

Tsono bvuto latsopano ndi ili. Mphunzitsi mmodzi aphunzitsa ana ambiri, ndipo kawiri-kawiri ndi mlendo wocokera ku boma lina, wosadziwa magule a kuno. Masukulu ambiri alibe ng'oma ngakhale imodzi. Conco gule angolembedwa pa bolodi, ana naloweza dzina lace ndi boma kumene abvinidwa, koma mapazi ao osadziwa kanthu. M'mudzi momwemo muli nkhalamba yodziwa kukunga ng'oma, ndi mai wodziwa nyimbo za citelele zosawerengeka, ndipo palibe awafunsa. Tsiku limene adzaikidwa m'manda, nyimbo zao zidzapita nao. Mau a akuru akoma akagonera, koma akuruwo akapita palibenso wowanena.

ZIMENE MBIRI IYI ITIPHUNZITSA

Coyamba, kulimbirana mwana sikunapindulire bwalo kapena sukulu. Inu mafumu a m'maiko a Chadza, Kalumba, Mazengera, Chiseka ndi Masula, khalani pansi ndi aphunzitsi akuru ndi makomiti a sukulu, mupangane za nyengo. Holide yaikuru ifika m'mwezi wa August, cimanga ciri m'nkhokwe, ndiyonso nyengo imene makolo anali kucita miyambo yao. Cinamwali ndi kulowa kwa anyamata zicitike pamenepo, ndipo sukulu ikatsegulidwa mwana aliyense abwerere m'kalasi. Mafumu ena a m'Cigawo ca Pakati anapangana kale zotere, ndipo m'midzi ina Gule yemwe ndiye aperekeza ana ojomba ku sukulu. Kumbukiraninso kuti lamulo la dziko, kuyambira m'caka ca 2017, sililola ukwati wa mwana wosafika zaka 18. Namwali akaturuka m'tsimba abwerere ku mabuku ace.

Caciwiri, si gule aliyense ali woyenera pa bwalo la sukulu. Citelele, cimtali, mganda, nyimbo za m'nthano ndi za pa mtondo, kuimba kaligo, bangwe ndi kalimba, izi ndi za aliyense, mwana wa Mkristu, wa Msilamu kapena wa mwini mzinda. Za ku dambwe ndi za m'tsimba zitsale kwa eni ace. Mphunzitsi asakakamize ana kutsanzira zilombo, ndipo eni Gule asaopseze ana ndi aphunzitsi pa njira ya ku sukulu. Malire akadziwika ndeu sikhalapo.

Cacitatu, mphunzitsi wa gule ali m'mudzi mwanu. Nyakwawa iri yonse idziwa amene ali katswiri wa mbalule, ndi mai amene atsogolera bwino nyimbo. Atumeni ku sukulu madzulo amodzi pa sabata, atapangana ndi mphunzitsi wamkuru, ndipo mudzi uwathokoze monga m'mene uthokozera mmisiri aliyense. Pophunzitsa asangoonetsa mapazi okha, koma auze ana tanthauzo la nyimbo, nyengo imene inali kuimbidwa, ndi cifukwa cace. Ana odziwa kulemba alembe mau a nyimbozo m'kope losungidwa pa sukulu, pamodzi ndi dzina la mudzi kumene zacokera.

Cacinai, alimi, ng'oma icokera m'munda ndi m'khola mwanu. Mukapha mbuzi kapena ng'ombe musataye cikopa. Bzalani zikho m'mbali mwa munda kuti anyamata apeze mabadza ndi masece. Sungani mitengo ikuru-ikuru ndi kubzala ina, pakuti m'cigwa cathu mitengo yosemera ng'oma yacepa cifukwa ca nkhuni, makala ndi zigafa za fodya. Sukulu imodzi ikapeza ng'oma zitatu kucokera ku midzi yoizungulira, phunziro lija la pa bolodi lidzakhala lamoyo.

Cacisanu, pasakhale kukakamiza. Taona kuti a Mishoni analetsa gule ndi lamulo, koma sanathe. Taonanso kuti andale anabvinitsa anthu ndi lamulo, ndipo sizinakhalitse. Cimene cakhalitsa ndi cija ca makolo: wamkuru wodziwa, mwana wofuna, ndi mfumu yopereka bwalo.

Kuongola mtengo ndi poyamba. Mwana wa Sitandade 3 lero ndiye adzakhala nyakwawa, namkungwi kapena mphunzitsi mawa, ndipo adzapatsa ana ace cokhaco cimene inu mwampatsa. Nkhaniyi muikambe pa bwalo ndi anthu anu, ndipo amene adziwa kuwerenga awerengere anzao.